Mapu a Kuseri kwa Kalendala

Ndang'amba tsamba la Meyi, ndalitembenuza,
ndipo kuseri kwake phiri lonse lakwana.
Apa Matawale, pomwe ndakhala ine.
Apa njira ya mbatata, yoima ngati mtsempha wa pakhosi.
Apa damu la Mulunguzi, kadontho ka inki,
ndipo uko, pafupi ndi bowo la msomali, Malosa.
Ndalemba kuti masiku atatu.
Ndafufuta. Anayi.

Mlongo wanga Tiyanjane akuti abwera ndi njinga,
ija yamagiya ya pa kaunjika.
Ine ndati mapazi.
Iye wati mapazi anga amadziwa simenti ya ku ofesi yokha.
Takangana pa foni mpaka mayunitsi atha.

Pa mphasa ndayala katundu:
mtedza wokazinga, chigumu, shuga wa m'kabotolo,
machesi okulunga m'jumbo katatu,
majuzi awiri, pakuti chiperoni sichilemba kalata,
tochi, mpeni, pulasitala wa matuza.
Chikwama ndakachipimitsa pa sikelo ya ogula nandolo:
makilo khumi ndi anayi.
Ndachotsa buku. Ndabweza buku. Ndachotsa mbale.

Njira imeneyi si yanga ndekha, ndikudziwa.
Muli amayi a nkhuni zotalika kuposa chitseko
amene khosi silitembenuka ngakhale uwapatse moni.
Muli njinga zamatabwa zopanda mabuleki,
mwini wake akukwekwereza chidendene pa tayala.
Muli mahatchi a alendo, ndowe zawo zikufuka nthunzi,
ana a masitiroberi, alonda a nkhalango,
ndi lole ya zipika yomwe imayamba kumveka
isanaoneke.
M'mphepete mwa pepala ndalemba lamulo limodzi:
wotsika ndi mtolo ndiye mwini njira.

Kenaka odi pa khomo.
Ndi Twaibu wamakala, thumba lili pa kaliyala.
Wasuzumira pa tebulo, waloza ndi chala chakuda.
Kamtsinje aka kanaphwa, akutero, tungiranitu kuno.
Paini uyu anamudula dzinja lathali,
mthunzi musauwerengere.
Apa foni imafa. Apa anyani samaopa munthu.
Apa, nkhungu ikatsika, khalani pansi,
Dzenje la Chingwe silichenjeza.
Paliponse pomwe wagunda pasiya mwaye,
mapu anga aoneka ngati khungu la nkhanga.

Wawerenga pamwamba. Masiku anayi?
Wayang'ana nsapato zanga zatsopano,
wayang'ana patapata wake womanga ndi waya.
Ine ndimadzuka tambala asanaganize zolira,
dzuwa likamapendeka ndimakhala ndafika kuno.
Kodi kumeneko kuli maliro?

Ayi.

Ukwati? Munda?

Ayi, kungoyenda basi.

Waseka mpaka kugwira chimango cha chitseko.
Ndiye kuti alipo anthu, akutero,
ofuna kutopa mwadala.
Koma potuluka wabwerera,
watenga bolopeni yanga, wajambula kamtanda
pakati pa zigwa ziwiri zopanda dzina:
apa pali mayi Asiyatu, amaphika tiyi m'chitini.
Mukawauze kuti ngongole yanga sindinaiwale.

Tsopano ndatsala ndekha ndi pepala.
Ichi ndi chaka chachitatu ndikukonza ulendo uno.
Choyamba inali mvula,
chachiwiri bondo, ndi fizi ya mwana.
Phiri lili pawindo pomwepo, silinasunthe,
lavala mtambo ngati duku.
M'mawa uliwonse ndimaliona ndikutsuka mkamwa,
ndimalidziwa nkhope yokha,
msana wake sindinaupondepo.

Ndatembenuza kalendala yotsala pakhoma.
Ogasiti, Lachinayi lachiwiri.
Ndazunguliza ndi inki, osati pensulo.
Uthenga wa Twaibu ndaulemba pamwamba pa mndandanda,
pamwamba pa machesi ndi madzi,
chifukwa munthu wotumidwa sabwerera panjira.

Tiyanjane ndamutumizira mawu atatu:
Bwera nayo njingayo.
Akayikankha yekha pa chitunda.